Batani la Ayi mu Ufumu wa Pompano

Tsiku limene Mlekereni Wachiwiri analongedwa ufumu wa Pompano, anakwera pa tebulo la ogulitsa nyama pakati pa msika wa Tsitsaniko n'kulonjeza. Nthawi imeneyo anali mnyamata woonda, khosi likusambira m'kolala ya shati. Pambali pake panali katoni ya kompyuta yoyamba kulowa m'dzikomo, mphatso yochokera ku dziko lina lakutali limene linali litatopa nayo kale.

"Anthu anga," anatero, "msika uwu ndi wanu. Sudzasunthidwa, sudzagwetsedwa, ngakhale benchi limodzi silidzakhudzidwa, pokhapokha eniakenu mutavomera. Ndidzakufunsani kudzera pa makina awa. Padzakhala batani la Inde ndi batani la Ayi. Ngakhale wosadziwa kulemba dzina lake adzangoona chithunzi n'kudina. Munthu mmodzi yekha akadzadina Ayi, msika udzakhala pomwe pano."

Amayi anaimba nthungululu. Ine ndinalipo, ndipo ndinaomba m'manja mpaka zikhato kutentha. Chaka chomwecho ndinachoka, ndipo kumene ndinapita ndinaona anthu akudina Ayi m'mawa uliwonse asanasukusule, osaikapo mtima, ngati akuingitsa ntchentche. Ndabwerako tsitsi litayera. Njanji inamera udzu, nyumba ya kanema imene tinkalowamo mozemba inasanduka tchalitchi cha mneneri, mtsinje umene tinkasambamo umayenda ndi majumbo. Msika wokha ndinaupeza monga ndinausiyira, ndi fungo lake lomwe lija la magwafa akupsa ndi makala onyowa.

Makompyuta onga ya m'katoni ija nawonso ndinawapeza. Anali amtundu wakale uja wa m'nyumba: chibokosi cha mabatani chonenepa ngati buledi, chingwe chimodzi chopita ku wailesi ya kanema, china chopita ku wailesi ya kaseti. Ukafuna kuti kompyuta igwire ntchito unkaika tepi, n'kupita kukateleka nyemba, kuzidya, ndipo pobwera unkaipeza ikadali kulira ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Ikatopa kulira inkakuonetsa sikirini yakuda ndi kamzere kophethira pakona, kudikira kuti ulembe lamulo m'Chingelezi. Koma mu Pompano munalibe munthu wamba amene analembapo lamulo. Malamulo ankangowalandira. Ndipo popeza lonjezo linachitikira pa makina amenewa, khonsolo inagamula kuti kompyuta yatsopano isalowe m'dziko mpaka akalewa atamaliza ntchito yawo. Mafoni analimo m'thumba la aliyense, koma lamulo linati foni ndi yolengezera maliro ndi kutukwanirana za mpira.

Ntchito yopatsa kompyuta nkhope inali m'manja mwa Zakeyu Kamtedza, Mkonzi Wamkulu wa Nkhope ya Makina a Mfumu. Kupatsa nkhope kunatanthauza kuchotsa mdima uja n'kuikapo tizithunzi, timazenera totseguka ndi kutsekeka, ndi kamuvi koyendetsa ndi kachipangizo kogwira m'dzanja kotchedwa mausi, kuti munthu aziloza chimene akufuna m'malo molemba. Zakeyu anayamba ntchitoyi ali ndi tsitsi. Sanali waulesi, koma panalibe womufulumiza, ndipo ntchitoyo ankaikonda monga ena amakondera nkhunda. Ankatha mwezi wathunthu akukongoletsa ngodya ya zenera limodzi, n'kutuluka mu ofesi akumwetulira yekha.

Kenaka tsiku lina Mfumu inakumbukira lonjezo lake, ndipo inagwetsa misozi pa wailesi. Lonjezo lokongola chonchija, inatero, silingasiyidwe popanda chikumbutso. Pamalo enieni pamene linanenedwa pamangidwa Chipilala cha Lonjezo, chachitali kuposa nsanja ya tchalitchi, chokhala ndi poimika magalimoto mbali zonse. Msika usamukira ku Dambo la Nyamatope, kumene ng'ombe zimamira mpaka nyanga. Koma Mfumu sinaiwale mawu ake: anthu afunsidwa kaye pa kompyuta, aliyense kamodzi.

Ndawerenga za mafumu ambiri. Ina inalowetsa hatchi yake m'khonsolo, ina inalamula asilikali kuti akwapule nyanja. Sindinawerengepo za imene inafuna kugwetsa chinthu pokumbukira kuti inalumbira kusachigwetsa. Apa a kwathu tinatsogola.

Madzulo a tsiku lomwelo Zakeyu anadutsa pamsika, ndipo anakodwa ndi mlamu wake Nasibeko. Mayiyu ankagulitsa tomato ndi anyezi pansi pa mkuyu, pa benchi limene malemu mwamuna wake, mkulu wake wa Zakeyu, anakhoma ndi manja ake chaka chimene anakwatirana. Mwendo umodzi wa benchilo unali waufupi, ndipo Nasibeko sanalolepo kuti wina aukonze.

"Alamu, tabwerani kuno ndi dazi lanulo," anaitana. "Batani lija lilipo?"

"Lilipo, alamu."

"Osati la Inde. Linalo."

"Lilipo, lalikulu ngati chitumbuwa. Ndaliikira ndi mthunzi m'mbali, ukalidina limabonyoka ngati tsaya la khanda."

"Za mthunzizo mukauze akazi anu. Ine ndikufuna ndilidine, ndibwerere pa benchi langa. Akulu anu anakhoma benchi ili kuti likhale pansi pa mkuyu, osati lizikayandama ndi achule."

"Mudzalidina. Munthu mmodzi yekha ndi wokwanira."

"Mmodziyo ndine. Musavutike kufuna wina."

Sabata imeneyo msika unapenga ndi chimwemwe. Anthu a ku Pompano anali asananenepo Ayi kwa munthu wovala tayi. Wamkulu akalamula ankati "tamva", ndipo akakana mumtima ankati "tiona". Tsopano anayamba kuyeserera. A Jailosi, wogulitsa nyama woyandikana ndi Nasibeko, ankati Ayi kwa mbuzi iliyonse asanaipachike. Akabaza analemba Ayi kumbuyo kwa njinga zawo ndi penti yofiira. Mayi wina wa zitumbuwa ananena mawuwo kangapo motsatizana, anachita chizungulire, anzake n'kumukupiza ndi chitenje uku akugwa ndi phwete. Pa tebulo lililonse panali chitsekerero cha botolo chophunzirira kudina, ndipo ogula ankadikira moleza mtima kuti wogulitsa amalize kukana kaye.

Khonsolo inakumana kuti ione ntchito ya Zakeyu. Mfumu sinabwere, inali kuyesa chipewa cha tsiku lotsegulira chipilala. Anatsogolera zokambirana anali a Chagwada, Nduna ya Ulemu ndi Magwadidwe, munthu amene mathalauza ake onse ankang'ambikira m'mawondo, kumbuyo kukadali kwatsopano.

Zakeyu anaika tepi. Itayamba kulira, nduna zonse zinaimirira n'kugwira pachifuwa, poopa kuti mwina ndi nyimbo ya fuko yatsopano imene sizinauzidwe. Zinaima choncho mpaka tepi inatha. Kenaka sikirini inawala. Pakati panali chithunzi cha Mfumu, m'munsi mwake mabatani awiri aja, pakona kachithunzi ka dzenje, ndipo kamuvi kankayendayenda monga dzanja la Zakeyu linkafunira.

"Bambo Kamtedza," anatero a Chagwada mofatsa, "icho chikuuluka pafupi ndi khutu la Mwini Dziko ndi chiyani?"

"Ndi kamuvi, bwana nduna. Kolozera."

"Muvi."

"Kamuvi chabe."

"Pakhutu pa Mwini Dziko."

Zakeyu anali atakonzekera. Anadina mabatani angapo, kamuvi kanasanduka kadzanja kotambasula chala. Nduna ya Zaulimi inabisa nkhope m'chipewa.

"Kuloza munthu wamkulu ndi chala," ananong'ona a Chagwada. "Bambo Kamtedza, amayi anu ndinkawadziwa. Anali munthu wabwino."

Nduna ya Zamaphunziro inakumbutsa khonsolo kuti kwathu timaloza ndi milomo. Zakeyu anajambula milomo. Nduna zinaiyang'ana milomoyo ikuyandama pang'onopang'ono kulunjika tsaya la Mfumu, ndipo zinagwirizana kuti nkhaniyi isadzatchulidwenso.

Pofika masana anamanga mfundo. Kolozera kakhale kamunthu koyenda ndi mawondo, mutu uli pansi. Munthu akadina, kamunthuko kaziomba m'manja, pakuti palibe amene amakhudza kanthu pamaso pa Mfumu asanaombe m'manja. Ndipo zenera lililonse lisanatseguke, kompyuta izilemba kuti Odi, n'kudikira.

"Kudikira ndani, bwana nduna?" anafunsa Zakeyu.

"Kungodikira. Ulemu ndi umenewo. Nanga icho chapakonacho?"

"Ndi dzala, bwana. Chimene munthu sakuchifunanso amachikokera mmenemo."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

A Chagwada anayang'ana chithunzi cha Mfumu, anayang'ana dzala, n'kuyeza mtunda wake ndi maso.

"Koma kompyuta imafunsa kaye ngati munthuyo watsimikiza," anawonjezera Zakeyu pofuna kuthandiza.

Dzala linakwiriridwa tsiku lomwelo.

Wina angaganize kuti Zakeyu anatuluka atakhumudwa. Anatuluka akuimba likhweru. Kamunthu kogwada kaja kanali chinthu chovuta kuposa chilichonse chimene anapangapo, ndipo kanamukomera. Anakapatsa mawondo opinda ngati enieni. Kuomba m'manja kwake anakukonza mpaka kunamveka phu, phu, phu, kuomba kwaulemu kwa zikhato zofumbata, kopanda chilema.

"Ndamva kuti muvi wanu wagwada," anatero Nasibeko atamuona pamsika.

"Wagwada, alamu, koma mukanaona mawondo ake."

"Kamafika?"

"Kamafika. Kamangochedwa pang'ono."

"Akulu anu ankabwera kwathu dzinja lonse kudzafunsa ngati tili ndi mbewu ya maungu, asananene chimene ankafuna. Kudikira ndimakudziwa. Kagwade mmene kangagwadire, bola kakafike pa Ayi."

A Jailosi anaimika chikwanje pa fupa. "Ife tagwada moyo wonse osafika paliponse," anatero. "Akoko kali ndi mwayi."

Tsiku lofunsa anthu litayandikira, Mfumu inabwera yokha kudzaona. Inalowa chammbali, chifukwa chitseko cha khonsolo chinayezedwa m'masiku a khosi loonda lija. Inakhala pansi, inapuma, inayang'ana sikirini nthawi yaitali.

"Uyu ndani?"

"Ndinu, Mwini Dziko," anayankha Zakeyu atagwada. "Tsiku la lonjezo."

"Akuoneka wanjala. Alendo akamuona adzati kuno sitidya. Ndijambuleni monga ndilili, pa mpando wanga, ndi mamendulo anga onse."

Zakeyu anafotokoza mwaulemu kuti mutu wa kompyutayo ndi nkhokwe yaing'ono, ukalowetsa thumba limodzi lina liyenera kutuluka, ndipo sikirini nayonso siitambasuka.

"Chotsani chilichonse," inatero Mfumu, ikukweza dzanja. "Koma batani la Ayi musalikhudze. Ndinalonjeza."

Nduna zinalira poyera. Ya Zaulimi inachita kutulutsidwa panja.

Choncho zinthu zinayamba kutuluka m'nkhokwe. Inayamba ndi wotchi yapakona, imene mu Pompano inalibe ntchito kwenikweni. Mitundu inatsatira, kupatula ya mamendulo. Ngodya zokongola za mazenera zinapita, ndipo mthunzi wa mabatani utapita Zakeyu sanadye tsiku limenelo. Mfumu inkangokula. Inabwera mimba, anabwera mamendulo, unabwera mpando ndi mikango yake yosema, ndodo, ndi chipewa chatsopano chija. Pomaliza Mfumu inadzaza sikirini yonse, kungotsala kamzere kumapazi kwake. Inde anakwana pamenepo bwinobwino, pamalo amene munthu wogwada amafikira.

Ayi anasowa pokhala. Pamwamba pa mutu, a Chagwada anati palibe chimakhala pamwamba pa Mfumu. Pambali, anati ndiye kuti Ayi wafanana ndi Mfumu. Zakeyu atayesa kuliika patsogolo, a Chagwada anafunsa ngati akufunadi kulemba Ayi pamimba pa Mwini Dziko, ndipo ngati ana ake ali ndi wina wowasamalira.

Nzeru inamufikira Zakeyu akumeta ndevu, ndipo anathamangira ku ofesi sopo ali kutsaya. Mazenera a pakompyuta amatha kusanjikizana ngati mphasa. Batani la Ayi likhale pansi, chithunzi cha Mfumu chiyalidwe pamwamba pake. Wofuna Ayi angotengera kamunthu kaja paphewa la chithunzi, adine, akokere chithunzicho pambali pang'ono, batani lioneka. Anayesa ali yekha mu ofesi, chitseko atatseka, ndipo zinatheka bwino lomwe. Anavina mozungulira tebulo. Ku khonsolo anangonena kuti Ayi wakhala kumbuyo kwa Mfumu mwaulemu, ndipo a Chagwada anamugwira chanza ndi manja awiri.

Anathamangira kwa mlamu wake kukamuphunzitsa.

"Mukafika paphewa mudine, musasiye, mukoke. Chachikulu ndi chimenecho, alamu. Dzanja lisachoke pa mausi."

"Ndiye ndiwagwire paphewa."

"Ndi chithunzi chabe."

"N'kuwasuntha atakhala kale."

"Pang'ono pokha. Kangachepe."

Nasibeko anasanja tomato, anamugumula, anamusanjanso. "Inu alamu mwakhalitsa mu ofesi," anatero. "Koma ndamva. Ndidine, ndisasiye, ndikoke."

Loweruka, tsiku lofunsa anthu, kunacha bwino. Kompyuta anaiika pa tebulo la nyama lomwe lija, atalitsuka ndi sopo koyamba m'mbiri yake. Jenereta inkalira kumbuyo, bandi ya apolisi inkapukuta malipenga, ndipo zimkuzamawu anazilumikiza ku kompyuta kuti wa kumapeto kwa msika asaphonye kanthu. Pambali pa tebulo anaika mpando wa mikango, Mfumu n'kukhalapo ndi chipewa chake, ndendende monga pa sikirini. Mzere unatuluka pachipata n'kukazungulira sitolo ya njinga. Anthu anavala za kutchalitchi. Ankatsinana, ankaseka popanda chifukwa, ena milomo ikuyeserabe mawu aja mwakachetechete.

Woyamba anali a Jailosi. Nkhani ya phewa inali itafika kale msika wonse, ndipo iwo anayendetsa kamunthu molimba mtima mpaka pa chigongono cha chithunzi. Pamenepo anayang'ana sikirini, anayang'ana Mfumu yeniyeni, ndipo Mfumu inawamwetulira.

"Akhala bwino," anatero a Jailosi, osauza aliyense kwenikweni. "Ndiwadzutsirenji?"

Anatsitsa kamunthu mpaka kumapazi n'kudina Inde. Kamunthu kanaomba m'manja, anthu nawo anaomba, monga zimakhalira.

Mayi wa zitumbuwa uja anafika paphewa, anati "Odi", n'kudikira kuti chithunzi chimuyankhe, mpaka wapolisi anamuthandiza kupeza Inde. Wakabaza wina anavula chipewa, anapempha chithunzi kuti ngati n'kotheka chipendekeko, ndipo chitakana kupendekeka anapepesa chifukwa chochivutitsa. Mphunzitsi wopuma pantchito anafotokozera mzere wonse kuti chithunzi si munthu, kuti ndi timadontho chabe ta kuwala, kenaka anafika patebulo, anaona mamendulo, ndipo dzanja lake linatsika lokha. Aliyense ankachoka akuseka, akupukusa mutu, akuuza wotsatira kuti iyeyo ndiye alimbe mtima. Zakeyu anaima pafupi ndi jenereta, dazi likutuluka thukuta.

Nasibeko anafika dzuwa litapendeka. Anapukuta manja pa chitenje, anagwira mausi ngati akuyesa kulimba kwa anyezi, ndipo kamunthu kanayamba ulendo. Kanadutsa Inde osacheuka. Mzere unasiya kuseka. Kanakwera mwendo wa mpando, kanadutsa mkango, kanayamba chitunda cha mimba, ndipo pamenepo kanatenga nthawi, mawondo akupinda bwino kwambiri moti Zakeyu, ngakhale anali ndi mantha, ananyadira pang'ono. Kanadutsa pakati pa mamendulo. Kanafika paphewa.

"Odi," anatero Nasibeko.

Jenereta yokha ndiyo inkamveka.

"Odi, Mwini Dziko. Pali kanthu kanga mwakhalira."

Mfumu yeniyeni inaseka mokoma mtima, mamendulo n'kuchita ngwerengwere. Nasibeko anacheukira kumkuyu, kumene benchi lake linaima chopendekera kumwendo waufupi uja. Anatsinzina n'kudina.

Kamunthu kanaomba m'manja. Phu, phu, phu, zinatero zimkuzamawu, kumveka mpaka kusitolo ya njinga. Ku Pompano, kuomba m'manja kukamveka pamaso pa Mfumu, manja safunsa mutu. A Jailosi anaomba, akabaza anaomba, mzere wonse unaomba, amayi anaimba nthungululu, bandi inaganiza kuti mwambo watha n'kuyamba nyimbo. Nasibeko atatsegula maso anapeza zikhato zake ziwiri zili pamodzi pachifuwa, zikuomba mwaulemu monga anaphunzitsidwira asanamere mano. Mausi inali yokha patebulo.

A Chagwada anali atafika kale pa chimkuzamawu. "Mwaona, anthu a Pompano," analengeza. "Mayi athuwa Inde wamba sanawakwanire. Akwera mpaka paphewa pa Mwini Dziko kukathokoza."

Nasibeko anatambasula dzanja kuti agwirenso mausi, koma wapolisi anali ataiphimba kale ndi chipewa chake. "Aliyense kamodzi, mayi," anatero mwaulemu, n'kumuperekeza. Mfumu inalamula kuti mayiyo apatsidwe chitenje cha nkhope ya Mwini Dziko.

Zakeyu anamupeza Nasibeko atakhala pa benchi, chitenje chatsopano chili chipindire pambali pa anyezi. Bandi inali ikuimbabe, ndipo ana ankavina pakati pa matebulo.

"Lilipo, alamu," anatero. "Batani lija lilipo ndithu. Ndikhoza kukuonetsani ku ofesi."

"Ndikudziwa, alamu. Mawondo aja munawakonza bwino." Anamusankhira tomato wofewa n'kumuikira m'thumba la jekete. "Kapatseni akazi anu."

Lolemba m'mawa mathirakitala analowa mu Tsitsaniko. Anayambira pa benchi la pansi pa mkuyu.